Hamala ya Bambo Anga

Ambuye alemekezeke! Ayi, abale, mwayankha ngati anthu ogona ndi njala. Ndati Ambuye alemekezeke!

Abusa athu, akulu a mpingo, amayi anga, abambo anga, achinyamata, ndi inu ana mwakhala pamkekapo, ndakupatsani moni m'dzina la Yesu. Ine ndine Esime, mwana wa a Fundi. Alendo amene mwabwera ndi boti la m'mawa simukundidziwa, koma eni mudzi akundidziwa bwino, makamaka pakamwa pangapa. Lero ndikufuna kuchitira umboni. Ndikayamba kulira musandikhazike pansi, Abusa, mungondipatsa mpata, ndimaliza.

Umboni wangawu ndi wa bambo anga. Akanayenera kuima pano ndi iwowo, koma lilime lawo silikuwalolanso kulankhula nthawi yaitali. Dzulo anandiitana n'kundiuza kuti, "Ukanene zonse. Usakachotseko." Ndiye ndinena zonse.

Bambo anga ndi mmisiri wa maboti. Maboti ambiri amene ali padokopo anadutsa m'manja mwawo, n'chifukwa chake dzina lawo lenileni anthu analiiwala, amangoti a Fundi. Malo awo okhomera mukuwadziwa, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi chino, pafupi zedi moti munthu akatsokomola kumeneko ife muno timamva. Achinyamata mwina simukudziwa kuti kale bambo anga anali munthu wa muno. Mabenchi mwakhalirawo anapala ndi iwowo. Ankaimba besi m'kwaya, liwu lochokera m'mimba, ndipo amayi anga amavomera okha kuti liwu limenelo ndi limene linawakopa. Mukubisa nkhope, amayi? Ndauzidwa kuti ndinene zonse.

Tinali ndi achimwene athu, oyamba kubadwa, a Yohane. Anali dzanja lamanja la bambo pantchito, ndipo nawonso ankaimba m'kwaya. Ine ndinali kamtsikana, koma ndimakumbukira mmene ankandinyamulira paphewa popita kudoko. Lamulungu lina m'mawa, ife tikukonzekera kubwera kuno, achimwene anatenga boti limene bambo ankakonza kuti akalitule kwa mwini wake kudoko lina chakumpoto uku. Mphepo ya mwera inadzuka ali pakati pa nyanja. Boti silinafike, ndipo achimwene tinawapeza m'bango patapita masiku.

Pamanda paja mkulu wa mpingo mmodzi anaimirira kuti alankhule. Ndi a Mkwanda, ali pompano, nawonso andilola kuti ndiwatchule. Anati, "Abale, tsiku la Mulungu si loyendera panyanja. Mwaona nokha." Basi, mawu ake omwewo. Bambo anga anadzuka, n'kuvala chipewa, n'kuchoka pamanda dothi lisanathe kukwiriridwa.

Lamulungu lotsatira belu linalira, ife tinalowa muno. Titangoyamba pemphero, tinamva kuseri uku: kho! kho! kho! Hamala ya bambo anga. Tinati mwina n'chisoni, ziwathera. Lamulungu linalo, kho! kho! kho! Linalonso, chimodzimodzi. Abale, amene munalipo vomerezani. Belu likangolira, hamala inkayamba. Tikatuluka, hamala inkaleka. Ana amene anabatizidwa chaka chimenecho lero akubwera muno atabereka ana awo kumsana, ndipo onsewo anakula akudziwa kuti ulaliki wa pano umamveka pamodzi ndi misomali.

Abusa ankabwera, abusa ankasamuka. Aliyense pofika ankati, "Ine ndikalankhula nawo." Ankapita pansi pa mango paja, bambo n'kuwapatsa thabwa lokhalira, mwaulemu ndithu, n'kuwamvetsera mpaka amalize. Kenako ankati, "Abusa, Mulungu wanuyo ngati ali ndi mawu ndi ine, akudziwa pamene ndimakhomera. Abwere yekha." Abusa n'kubwerako khosi lili pansi.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti Lachisanu masana, anzathu akamapita ku mzikiti, bambo ankaika hamala pansi mpaka atatuluka. Tsiku lina mnansi wathu Che Saidi anawafunsa ine ndikumva. Anati, "Fundi, ife umatipatsa ulemu, tikuthokoza. Nanga abale akowa anakulakwira chiyani chosatha?" Bambo sanawayang'ane n'komwe. Anangoti, "Tandipatsira msomali uwo."

Ndikuuzeni chinanso, museke pang'ono. Masiku amenewo ng'oma yathu inali itang'ambika. Bambo anga pokhoma sakhoma mwachisawawa, dzanja lawo lili ndi muyeso, pajatu anali a kwaya. Ndiye a kwaya athu, osadziwa n'komwe, anayamba kuimba motsatira hamala ija. Hamala ikafulumira, nyimbo inkafulumira. Tsiku limene bambo anauzidwa kuti, "A Fundi, mwatiimbira bwino ng'oma lero," anakwiya mpaka osadya. Munthu kufuna kumusokoneza Mulungu, Mulungu n'kumulemba ganyu ya ng'oma!

Koma ine sindinkaseka. Ine ndinkachita manyazi. Ndikamalowa muno ndinkaona ngati aliyense akundiloza kuti, uyo mwana wa wokhoma uja. Nditasinkhuka ndinaiba hamala ija n'kukaiponya m'nyanja. Lamulungu m'mawa ndinalowa muno mtima uli mbee, ndikuti lero tipemphera ngati anthu. Belu litangolira, kho! kho! kho! Anali atabwereka ya Che Saidi.

Ndinkapemphera, inde, koma mapemphero anga anali otentha. Ndinkati, "Ambuye, kodi simukumva? Ife tonse tikumva, Inu nokha ndiye simukumva? Achiteni kanthu!" Ndinkafuna Mulungu wa chikwapu. Koma Mulungu anali chete. Bambo ankadzuka amphamvu, maboti awo ankayenda bwino, mvula inkagwa m'munda mwawo ngati mmene inkagwera mwa akulu a mpingo. Ine osamvetsa.

Amayi anga ndiye ankandipsetsa mtima koposa. Lamulungu lililonse ankavala, n'kutenga kapu ya tiyi, n'kukaika pa chitsa pansi pa mango paja. Ankati, "Tapita, a Fundi." Amayi n'kulowa muno, n'kukhala pafupi ndi zenera limene phokoso linkalowera kwambiri, n'kumaimba ngati palibe kanthu. Ndikawafunsa kuti, "Amayi, mukuwalekerera bwanji? Bwanji osawakalipira?" ankangoti, "Esime, kuthamanga si kufika." Ine n'kutsonya n'kutuluka.

Ndinakwatiwa ku Namwera, ndinabereka, ana anga anakula. Ndikabwera kudzaona makolo, ndinkapeza tsitsi la bambo layera, msana wayamba kupindika, koma hamala yomwe ija, nthawi yomwe ija.

Ndiye chaka chatha, mvula ili mkati, foni inandipeza ndili kumunda. Bambo agwa. Ankanyamula thabwa, n'kungokhala pansi, osadzukanso. Anawakweza pa lole kupita nawo ku chipatala ku boma, msewu wathu mukuudziwa mmene umakhalira m'dzinja. Anakafika amoyo mwa chisomo chokha. Adokotala anati ndi sitiroko. Pobwera nawo kunyumba, mbali yonse ya kumanja inali itafa, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka.

Anthu ena ankanong'ona kuti, "Mwaona? Dzanja lomwe lija ndi limene lauma." Musayang'ane pansi, sindikutchulani. Inenso maganizo amenewo anandifikira. Koma nditawaona bambo anga ali gone pamphasa, munthu amene ankagubuduza boti yekha akulephera kuthamangitsa ntchentche pankhope, manyazi onse aja anathawa. Kunatsala mantha. Mantha anga anali amodzi okha, abale: bambo anga amwalira asanabwerere kwa Mulungu. Nthawi yonse imene anali ndi pakamwa anakana. Tsopano pakamwa polapira patsekeka. Ndinkalira kuseri kwa nyumba ndikuti, "Ambuye, ndinkati muwachite kanthu, koma sindinkatanthauza izi. Musawatenge chonchi. Chonde musawatenge chonchi."

Ndinathamangira kwa Abusa athuwa. Abusa, mukukumbukira, ndinakupezani mukudya, sindinakupatseni mpata wosamba m'manja. Titafika ndinagwada pambali pa bambo n'kumati, "Bambo, Abusa abwera. Ingonenani kuti Ameni. Ngati simungathe, gwedezani mutu. Kapena phethirani diso, Mulungu aona." Bambo anandiyang'ana, n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Ine kulira. Ndinati, "Abusa, apemphereni mwamphamvu, nthawi yatha!" Abusa anandikokera panja n'kundiuza mofatsa kuti, "Mayi Esime, Mulungu wawadikira bambo anu kuyambira inu muli kamtsikana. Inuyo mwatopa ndi masiku owerengekawa? Asambitseni, adyetseni, muziwatembenuza asatuluke zilonda. Zinazo musiyireni Mwini wake." Mawu amenewo anandiwawa, koma ndinamvera, chifukwa panalibe china chochita.

Ndiye tinayamba kudikira. Dzinja linatha, bambo ali moyo. Tinakolola, bambo ali moyo. M'mawa uliwonse ndinkalowa m'chipinda mtima uli m'mwamba, n'kupeza chifuwa chikukwera ndi kutsika, n'kunena kuti zikomo Ambuye, mwawonjezera lina. Pang'ono ndi pang'ono lilime linayamba kumasuka. Mukudziwa mawu oyamba amene bambo anga ananena? Ine ndinkayembekezera "Yesu." Ndikuwapatsa phala, ndikuwalalikira uku ndikuwadyetsa, anandiyang'ana n'kuti, "Choka." Amayi anaseka mpaka misozi. Anati, "Achira amenewa."

Tsiku lina masana tinaona a Mkwanda akubwera ndi ndodo yawo, akupapasa njira, pajatu maso anawathera. Chichokereni pamanda paja anthu awiriwa anali asanapatsanepo moni. Anakhala pansi pafupi ndi mphasa ya bambo, n'kufufuza dzanja lawo mpaka kulipeza. Anati, "Fundi, mnzanga, ndabwera ndisanafe. Mawu amene ndinalankhula pamanda a mwana wako sanali a Mulungu, anali anga. Ndinakubaya pabala. Hamala yako ndakhala ndikuimva zaka zonsezi, ndipo msomali uliwonse unkalowa mwa ine. Undikhululukire."

Ine pakhomo paja mtima unadumpha. Ndinati basi, chitseko chatseguka, mlandu watha. Koma kwa bambo sizinali choncho. Misozi inkatsika mbali imodzi ya nkhope. Ankapukusa mutu, akuvutika kutulutsa mawu, mpaka anati, "Si... iwe." A Mkwanda anafunsa, "Wati chiyani, Fundi?" Bambo anabwereza, "Si iwe." N'kutembenukiranso kukhoma. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kukana chakudya, ndipo ine mantha anga anabwerera onse.

Lamulungu la sabata imeneyo ine ndi amayi sitinabwere kuno, tinaona kuti sitingawasiye. Tinawatulutsa pakhonde kuti awothere dzuwa. Belu linalira. Inu munayamba kuimba muno, ndipo mphepo inkabweretsa nyimbo mpaka pakhonde pathu, yomveka bwinobwino, popanda choitchinga. Bambo anatseka maso. Ndinaona dzanja lawo lamanzere likufufuza pamphasa ngati likufuna chogwira, koma panalibe kanthu. Anayenera kuimva nyimbo yonse mpaka kumapeto.

Itatha anatsegula maso n'kuitana. Anati, "Amake... Yohane."

Abale, mundimvetse. Chimwalirireni achimwene, dzina limenelo linali lisanatulukepo pakamwa pa bambo anga. Bambo ankangowaitana amayi kuti "amayi inu," kapena "amake Esime." Amayi ankasankha mpunga m'lichero. Anaika lichero pansi pang'onopang'ono, n'kusendera pafupi, n'kuti, "Wawa, abambo ake Yohane."

Mawu ankatuluka limodzilimodzi, ngati munthu akuzula misomali yadzimbiri. Anati, "Boti lija... ndinali... ndisanamate. Pansi... panali mpata. Mwini wake... ankafulumiza. Ndinati... lifika. Mwana anati... bambo, likulowa madzi. Ndinati... pita, uzikapa." Anapuma kaye, chifuwa chikukwera. Kenako anati, "Si Lamulungu. Si Mkwanda. Si Mulungu. Ndine. Mwana wanu... ndinamupha ndine."

Ndikuuzeni zoona, ine mtima unatentha. Achimwene anga amene ankandinyamula paphewa! Zaka zonsezi tinkati ndi mwera. Ndinatsegula pakamwa, ndipo mukundidziwa, chimene chikanatuluka sichikanakhala chabwino. Koma amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, ine n'kutseka.

Amayi anatenga nsonga ya chitenje chawo n'kupukuta pakamwa pa bambo. Anati, "Ndikudziwa."

Bambo anawayang'ana, maso ali tong'o.

Amayi anati, "Ndikudziwa, abambo ake Yohane. Tsiku lomwelo potuluka m'tchalitchi ndinadzera pansi pa mango. Ndinapeza chitini cha phula chosatsegula, thonje lomatira lili pomwepo, boti palibe. Ine ndine mkazi wa mmisiri. Ndinadziwa mwana asanapezeke n'komwe."

Bambo anati, "Nanga... bwanji... simunanene?"

Amayi anati, "Ndikananena ine, mukanathawa, kapena mukanadziponya m'nyanja momwemo. Mwana ndinali nditataya kale, sindinafune kutayanso mwamuna. Zinandiwawa, musaganize kuti sizinandiwawe. Chaka choyamba ndinkakupatsani tiyi uja mochita kudzikakamiza. Koma ndinkalowa m'tchalitchi n'kukhala pazenera kuti ndizikumvani mukukhoma, n'kumauza Mulungu kuti, mukumumva munthu wanuyo mmene akuvutikira? Musamutenge. Musungeni mpaka adzanene yekha."

Abale. Abale anga. Ine ndinkapempha chikwapu, amayi ankapempha nthawi. Tinkakhala benchi limodzi, koma Mulungu anasankha kumvera amayi.

Bambo anga analira ngati mwana. Sindinawaonepo akulira chonchija, ngakhale pamaliro paja. Atatonthola anafunsa funso limene sindidzaliiwala. Anati, "Mulungu... angandilandire... ine?" Amayi anati, "Akanakhala kuti sakukufunani, akanakutengani tsiku munagwa lija. Mukuganiza kuti wakubwezerani lilime kuti muzingothamangitsira Esime?" Bambo anaseka uku akulira, ine n'kugwada n'kuwagwira dzanja lakufa lija, ndipo mkwiyo wanga sindikudziwa kumene unapita.

Pambuyo pake anatiuza chifukwa chake ankakhoma. Sankafuna kusokoneza inu. Akamva kwaya, ankamva liwu la mwana wawo pakati pa oimba, ndiye ankakhoma kuti asalimve. Ife tinkati a Fundi ndi ouma mtima, chonsecho munthu ankathawa, ndipo Mulungu ankangomutsatira mwakachetechete, osamukankha, osamusiya.

Mapemphero atatha tsiku limenelo ndinabwera kudzatenga Abusa, ulendo uno ndikuyenda bwinobwino ngati munthu. Bambo anati a Mkwanda abwerenso. Pamaso pa Abusa anauza a Mkwanda kuti, "Ndinakusenzetsa... katundu wanga. Ndikhululukire." A Mkwanda anati, "Wanga ndinali nawonso, Fundi. Titule tonse." Ndipo bambo anga, ndi pakamwa pawo popotoka pomwepo, popanda wowauza mawu, anati, "Ambuye Yesu... ndachimwa. Ndikhululukireni. Ndabwera mochedwa." Abusa anati, "Simunachedwe, a Fundi. Mwapeza chitseko chili chotsegula." Madzulo ake anadya phala mbale yonse n'kupempha lina.

Achimwene anga sadzuka m'manda chifukwa cha zimenezi, ndikudziwa. Bala lilipo, ndipo masiku ena limandiwawabe. Koma sabata yathayi tinawanyamula bambo panjinga kupita nawo kumanda, koyamba chichokereni tsiku lija. Anakhala pansi n'kuzula udzu pamanda a mwana wawo ndi dzanja lamanzere, amayi akuzula mbali inayo.

Ndiye ndikufuna ndinene kwa wina amene ali muno. Sindikukudziwani, ndipo sindikufuna kudziwa. Mwina muli ndi chinthu chimene mwachikwirira kalekale, ndipo mukuona kuti kumwamba kuli zii, mukuti Mulungu anaiwala, kapena mukuti anakutayani. Sanaiwale, ndipo sanakutayeni. Mpweya umene mwadzuka nawo lerowu ndi Iye akukudikirani. Koma musachite ngati bambo anga, iwo eni andituma kuti ndinene zimenezi. Akuti zaka zimene akanaimbira Mulungu ndi liwu lawo lija zinapita, sizibwerera. Bwerani lilime likadali lomasuka. Ndipo inu amene muli ndi wanu kunyumba wokanika, mwamuna, mwana, kholo, musatope. Ngati mulibe mphamvu zopemphera zambiri, ingopemphani kuti Mulungu amusungire tsiku lina.

Ndikuthokoza Mulungu wanga woleza mtima. Ndikuthokoza Abusa, ndikuthokoza a Mkwanda, ndikuthokoza mpingo wonse chifukwa munapirira osakatisumira kulikonse. Amayi anga, inu ndiye ndilibe mawu.

Lero ndi tsiku la Mgonero. Tayang'anani kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko. Amene avala jekete yakudayo ndi bambo anga. Alowa m'mawa uno, ndipo Abusa awalola kufika pagome la Ambuye. Usiku wathawu ankada nkhawa kuti mkate timalandira ndi manja awiri, pamene lawo lamanja silidzuka. Amayi anawauza kuti, "Ndidzaligwirizira ndine."

Kondwerani nane, abale! Amayi, nthungululu zili kuti? Imirirani tonse, a kwaya yambitsani! Inu a m'mphepete, bwezani miyendo, apatseni njira adutse. Akuyenda pang'onopang'ono, mwendo umodzi akuchita kukoka. Pasapezeke wowafulumiza. Tiwadikire.

Ameni.